Sitadi yathyokera mu hedi ya gireda: ndiichotse bwanji?

Funso

Ndine makaniko wa kontilakitala wina wamng'ono. Pano tili ku Ntchisi, tikusalaza msewu wafumbi ndi gireda ya Caterpillar 140G. Injini inayamba kumveka thi-thi-thi ikangodzuka m'mawa, ndiye tinaona mwaye pa manifold ya ekizosi, chipaipi chija chotolera utsi pambali pa injini. Titati timasule kuti tisinthe gasiketi, sitadi (bawuti yopanda mutu yomangira manifold) ya kumapeto tinaipeza yothyoka kale, yathyokera m'kati mwa hedi, chivindikiro cha pamwamba pa injini. Ina yoyandikana nayo inathyokera m'manja mwanga, koma iyo yasiya kachitsa kunja. Anzanga akuti ndikagule easy-out, kachitsulo kokhomera m'bowo limene waboola mu sitadi n'kupotola kuti ituluke. Abwana akufuna makina adzuke mvula isanagwe. Nditani?

Yankho

Achimwene, ndalama ya easy-out ija isungeni kaye m'thumba. Mmene zimakhalira ndikuzidziwa: abwana aima kumbuyo kwanu, maso ali ku mitambo, foni ili kukhutu, inu thukuta lili kamukamu. Koma chimene mukuteteza pa ntchito iyi si sitadi ayi. Sitadi ndi kachitsulo kotsika mtengo. Mukuteteza hedi ya injini ya 3306 imene ili mu gireda yanuyo, ndipo mukailasa pa njira ya madzi kapena kuing'alula, makinawo mvula yonse ya chaka chino idzathera pamsana pawo ali chigonere m'mbali mwa msewu.

Musanagwire chida chilichonse, tolani zidutswa ziwiri zimene zinathyokazo muziyang'anitsitse pamene zinadukira. Ija munaipeza yothyoka kale, ndikhulupirira muiona yakuda, yosalala, ili ndi timizere tokhota ngati ta pa chigoba cha nkhono, ndipo kagawo kakang'ono kokha ndiko kokakala. Imeneyo inatopa. Inayamba ndi kamng'alu, kamng'aluko kakhala kakukula miyezi yambiri. Ija inathyokera m'manja mwanu muiona yowala, yopotoka, chifukwa nati inaumira pa sitadi ndi dzimbiri, inu n'kupitiriza kukoka. Matendawa ndi awiri osiyana, ndipo oyambawo ndi amene adzabwerenso mukapanda kuwamvetsa.

Injini ikamakoka ntchito yolemera, utsi wodutsa mu manifold umapitirira madigiri 500. Hedi, poti m'kati mwake muli madzi, imangokhala cha m'ma 90. Chitsulo chikapsa chimatalika. Manifold ya injini ya masilinda 6 ndi yaitali, moti ikatentha imatambasuka ndi mamilimita angapo pamene hedi yangosuntha pang'ono chabe. Madzulo mukazimitsa, imabwerera. Mawa chimodzimodzi. Pakati pa manifold sipasuntha kwenikweni. Kusuntha konse kumakathera kumapeto, ndipo masitadi a kumeneko ndi amene amapindidwa uku ndi uku tsiku ndi tsiku, ngati mmene timathyolera waya ndi manja. N'chifukwa chake nthawi zambiri imene imayamba kuduka ndi ya kumapeto. Ikaduka imodzi, katundu wake amagwera inzake yoyandikana nayo, utsi wotentha n'kuyambanso kuilambula, ndiye musadabwe kuti yachiwiriyo inali yofooka kale.

Kukonzekera ndingodutsamo mwachidule, koma osadumpha. Tsitsani buledi ndi ripa zikhale pansi, chotsani kiyi, masulani batire. Makinawo aime poyera, osati pa udzu. Mwezi wa Okutobala udzu wa ku Ntchisi ndi wouma gwa, kanthethe kamodzi kakhoza kuyatsa phiri lonse ndi gireda yomwe. Chidebe cha mchenga kapena chozimira moto chikhale pafupi. Tsukani oyilo ndi dizilo paliponse pozungulira, mapaipi a dizilo ndi mawaya muwaphimbe ndi kachidutswa ka lata kapena nsanza yonyowa. Mabowo a ekizosi pa hedi ndi pakamwa pa turbo mutseke ndi timalata, chifukwa kachitsulo kakang'ono kakalowa mu turbo mwagula vuto lina. Ngati mumatsukira ndi mankhwala opopera aja a mabuleki, musawotcherere pamene mwapopera, chifukwa ena mwa iwo akapsa ndi moto wa welding amatulutsa mpweya wakupha. Ndipo chilichonse chimene chikukutchingirani chichotseni, ngakhale chikudyereni ola. Munthu wopindika khosi, dzanja lili m'kachipata, sangaboole mowongoka.

Yambani ndi ija yasiya kachitsa. Mtima ukukuuzani kuti muigwire ndi vice grip n'kupotola. Musatero. Kachitsako ndi chuma chanu, mukakatafuna ndi mano a pulayasi mpaka kuthyokanso, mwatsala ndi masitadi awiri a m'kati. Tengani panchi ya nsonga yafulati, iikeni pamutu pa kachitsako, menyani ndi hamala molunjika kangapo, mwamphamvu ndithu koma osati ngati mukuswa mwala. Kugwedeza kumeneko kumaswa dzimbiri m'mazinga. Thirani mafuta osungunula dzimbiri, kapena dizilo ngati ndi amene muli naye, mugone. Mawa m'mawa mupukute pauma, muitane owotcherera.

Pano ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndifotokoza pang'onopang'ono.

Njira imene yandipulumutsa kambirimbiri ndi yowotcherera nati pa chitsa cha sitadi. Anthu amaganiza kuti cholinga chake n'kungopeza pogwirira sipanala. Chimenecho n'chachiwiri. Choyamba ndi moto. Mukawotcherera pamutu pa sitadi, sitadiyo imapsa psuu, n'kufuna kufufuma. Koma hedi yaizinga mbali zonse, ndipo hediyo ndi chimphona chozizira, siikulola. Sitadi yofewa ndi moto ija imafinyika m'bowo momwemo. Ikamazizira imanyala, n'kukhala yocheperako pang'ono kuposa mmene inalili poyamba. Kanthu kake n'kosaoneka ndi maso, koma n'kokwanira kuswa dzimbiri limene linaimata kwa zaka. Gasi sangachite zimenezi bwinobwino, chifukwa lawi lake limatenthetsa sitadi ndi hedi pamodzi.

Walitsani pamutu pa chitsa ndi tupa kapena kagilayinda mpaka chitsulo chioneke choyera. Pezani washala yochindikala imene bowo lake likulingana ndi sitadiyo, ivekeni, igone pa hedi. Owotcherera ayambire pakati penipeni pa sitadi, moto ulowe m'chitsulo chake, kenako atambasulire ku washala. Agogode zinyalala za pamwamba. Akatero aike nati yokulirapo pamwamba pa washala, monga ya M12 kapena M14, n'kudzaza m'kati mwake mpaka natiyo ifiire, n'kuigwiritsanso ku washala m'mbali ziwiri, kusiya malo oti sipanala ilowe. Washalayo ili ndi ntchito ziwiri: imateteza nkhope ya hedi, komanso imapereka malo otambasuka oti ndodo yowotcherera ifike pa sitadi bwinobwino. Mukangoyambira m'kati mwa nati yakuya, moto umathawira m'mbali mwa nati, natiyo imadzaza ndithu koma pa sitadi yangokhudza ndi mlomo, ndipo mukapotola imangosomphoka. Nati ndi washala zikhale zachitsulo chakuda. Zonyezimira zija zokutidwa ndi zinc utsi wake umadwalitsa, ndipo weld yake imatuluka ya mabowomabowo. Ngati muli nazo zokhazo, zipaleni kaye.

Ndodo ya 6013 ya 2.5 mm, imene owotcherera aliyense wa pa tauni ali nayo, imagwira ntchitoyi pa ma amp a pakati pa 70 ndi 90. Ya 7018 ndi yolimba kuposa apo koma imafuna ikhale youma. Mukapeza ya stainless, ya 309 kapena 312, gulani ngakhale ndodo zitatu zokha, chifukwa imagwirana bwino ndi chitsulo cholimba cha masitadi, ndipo sithyoka msanga popotola. Chachikulu n'choti moto ukhale wokwanira. Kajenereta kofooka kamangosiya timibulu ngati zitosi za nkhuku pamwamba pa sitadi, osalowa. Komanso poti masitadi a manifold ali chammbali, chitsulo chosungunuka chimafuna kudontha. Owotcherera azichita modukizadukiza: kuyatsa, kusiya kuti kufiira kuchepe, kuyatsanso.

Waya wa earth wa makina owotcherera mumangirire pa hedi pomwepo, pafupi ndi pamene mukuwotcherera. Ndaonapo anthu akuumangirira ku buledi kapena ku chasisi poti ndi pofikirika. Magetsiwo amafunafuna njira yobwerera, ndipo akadutsa m'mabering'i amasiya timabala timene mudzationa patapita miyezi. Gireda yanuyo ndi yachikale, ilibe kompyuta, ndiye kumasula batire ndi mawaya a alternator n'kokwanira. Amene ali ndi makina atsopano monga 140K, azizulanso mapulagi a kompyuta ya injini asanayatse moto.

Nati ikafiira, sipanala isiyeni pansi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa manja amayabwa. Chitsulo chofiira n'chofewa, ndipo sitadi ikadali yofufuma, ndiye mukapotola nthawi imeneyo mungoipotokola. Musathirenso madzi. Hedi ndi ya kasiti (cast iron), chitsulo choumbidwa m'chikombole, ndipo kasiti sakondwera ndi kuzizira kwadzidzidzi. Dikirani kufiira kuthe, kutentha kutsike. Pamene patsala kutentha koti kandulo isungunuke osayaka, gunditsani kandulo m'mphepete mwa washala, phula lake lilowerere m'mazinga. Mukatha kuyika dzanja pa natiyo osapsa, igogodeni pamutu kangapo, kenako tengani sipanala yaifupi ya ring'i kapena soketi ya makona 6. Paipi yowonjezera ayi, mfuti ya mphepo ayi. Yambani ngati mukumanga, pang'ono pokha, kenako bwererani ngati mukumasula. Uku, uku, uku, uku. Poyamba muona ngati palibe chikuchitika. Kenako mumva m'dzanja kuti yavomera ndi katsitsi kamodzi, mwina ndi kaphokoso koti tswii. Musasangalale n'kukoka. Thirani mafuta, pitirizani kupita ndi kubwerera, ulendo uliwonse ukutalikirako pang'ono, fumbi lofiira likutuluka m'mbali. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito ya makina sindidziwa pena pamene mawuwa amakwanira kuposa pamenepa.

Nati ikasomphoka, sikuti mwalephera. Walitsaninso, wotchererani ina. Ulendo uliwonse sitadi ikulandira moto wina, ikunyalanso. Ine ndinafikapo pa nati yachisanu sitadi isanavomere, koma inatuluka, mazinga a mu hedi ali bwinobwino ngati sanakhudzidwe. Manati asanu ndi ndodo zochepa simungaziyerekeze ndi mtengo wa hedi.

Ija yathyokera m'kati njira yake ndi yomweyi, kungoti muyenera kuikweza kaye ifike pamwamba. Ngati yalowa ndi mamilimita awiri kapena atatu, owotcherera wa dzanja lokhazikika amadonthetsa weld pakati pa sitadi, kugogoda zinyalala, kudonthetsanso, mpaka patuluke kachulu kofika pa nkhope ya hedi. Akatero, washala ndi nati monga kale. Weld wamba sigwira kwenikweni pa kasiti wakale wodzaza mwaye, ndipo zimenezi zimakuthandizani, komabe musadalire mwayi. Ngati yalowa kwambiri, dulani kachidutswa ka paipi ya kopa, monga ya m'mafiriji ija, kolowa m'bowomo mothina, kakhale ngati khoma lotchinga mazinga. Weld sigwira pa kopa. Ndodo ilowe pakati pa kapaipiko. Koma apa muyang'ane munthu wanu. Ngati owotcherera amene muli nawo ndi ozolowera mageti ndi mafelemu a mawindo, dzanja likunjenjemera m'bowo la mamilimita 9, ndi bwino kufuna wina kusiyana n'kuti amatirire sitadi ku hedi mpaka kalekale.

Moto ukakanika ndi pamene timatenga dirilo. Dziwani chinthu chimodzi: pamene padutsa weld chitsulo chimauma, biti wamba imangoterereka. Mutu wa sitadiyo muuperese kaye ndi kamwala kakang'ono kapena carbide burr (kabiti kolimba kopalira chitsulo) mpaka mudutse polimbapo, pakhalenso pafulati.

Pa kuboola, ntchito yonse ili pa bowo loyamba. Likakhala pakati ndiponso lowongoka, zotsalazo n'zosavuta. Likapatuka ndi milimita imodzi, biti imathawa chitsulo cholimba cha sitadi n'kukadya kasiti wofewa wa hedi, ndipo kuibweza n'kovuta. Maso okha ndi panchi sizokwanira pa sitadi yothyoka mopendekera. Bwezeretsani manifold pa masitadi otsalawo, ngati mabowo ake akulunjikabe bwino, ndipo bowo lake likhale mlozo wanu. Wa lefe (makina osemera zitsulo) akusemereni kabushi kolowa mothina m'bowo la manifold, kokhala ndi bowo la 3 mm kapena 4 mm pakati. Ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre kabushi kotere ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Kupanda kabushi, mangani bawuti yaitali m'bowo loyandikana nalo kuti muziyerekezera, ndipo mnzanu aime pambali aziyang'ana ngati dirilo yaweramira pansi kapena yadzuka, inu mukuyang'ana za kumanja ndi kumanzere.

Kuya kwake muyeze musanayambe. Lowetsani kawaya m'bowo lina lopanda sitadi, muone pamene kafika, mukulunge tepi pa biti pa muyezo womwewo, kuchepetsako pang'ono. Kuseri kwa mabowo amenewa kuli madzi oziziritsa injini, ndipo khoma lake si lochindikala. Kawirikawiri pansi pa sitadi pamatsala kampata, moti biti ikadutsa sitadi yonse mumamva ikugwera. Mukangomva kugwerako, imani pomwepo. Thirani mafuta m'kabowoko kuti akanyowetse mazinga kuchokera kumbuyo.

Dirilo iziyenda pang'onopang'ono, inu mukukankha mwamphamvu, mafuta akudontha. Zinyenyeswa zizituluka zopotanapotana. Mukaona utsi, biti yasanduka yabuluu, ikulira ngati mluzu, ndiye kuti siikudula, ikungopukuta, ndipo kupukutako kukuumitsa sitadi. Imani, nolani kapena sinthani. Mabiti a cobalt ndi amene amalimbana ndi zitsulo zotere. Mukapeza mabiti odulira kumanzere, amene dirilo imayenda chobwerera, ndi abwino koposa, chifukwa pamene akudya chitsulo akukokeranso sitadi kotulukira, ndipo nthawi zina imangotuluka yokha itakakamira ku biti. Kulitsani bowo pang'onopang'ono, 4, kenako 6, kenako 7, mpaka mufike pa saizi yoboolera tap, chida chosemera mazinga m'bowo. Ngati sitadiyo ndi ya 3/8 ya mazinga 16 pa inchi, malire ake ndi biti ya 5/16, imene ndi pafupifupi 7.9 mm. Ikakhala ya M10 ya mazinga a 1.5, ndi 8.5 mm. Mukaboola pakati penipeni, chimatsala ndi kachikopa kopyapyala m'mazinga a hedi. Kakoleni ndi kachitsulo kosongoka, kamatuluka kakuzungulira ngati sipuling'i. Pomaliza dutsitsani tap ya saizi yake ndi dzanja, kulowa pang'ono, kubwerera pang'ono, kutulutsa zinyalala.

Tsopano za easy-out ija anzanu akunena. Ili ndi ntchito yake: bawuti imene yadukira m'kati koma mazinga ake ali omasuka, monga yometedwa ndi katundu pamalo a oyilo. Pamenepo imatulutsa bwino. Pa sitadi ya ekizosi youmira ndi moto ndi dzimbiri, imakuipirani pawiri. Ndi yosongoka, ndiye mukamaikhomera ndi kuipotola imatukumula sitadi, n'kuikanikizira kwambiri m'mazinga momwe mukufuna ichokemo. Komanso chitsulo chake n'cholimba kwambiri koma chosapirira, sichipinda, chimangothyoka. Taganizani: sitadi yonse yamphumphu inaduka osamasuka. Nanga kachitsulo kocheperapo, kolowa m'mimba mwake, kapirira bwanji?

Ndikunena zimene ndinaziona ndi manja anga. Ndili mnyamata pa ntchito, pa galaja ina ya makina a m'misewu, ndinathyolera easy-out mu hedi ya loda. Kaphokoso kake ndimakakumbukirabe, kakang'ono chabe, koti thi, ndipo sipanala inangopepuka m'dzanja. Nditayang'ana, pakati pa sitadi panali kachitsulo kowala ngati galasi. Ndinayesa biti, inapsa. Ndinayesa ina, inaterereka n'kulowa m'mbali, kudya hedi. Mkulu amene ankandiphunzitsa sanakalipe, anangondiuza kuti nditsitse hedi. Ntchito ya m'mawa umodzi inadya sabata yathunthu, gasiketi ya hedi yatsopano, ndi ulendo wa ku engineering, makina ali chiimire, anthu amene ankadalira lodayo kuti alandire za tsiku ali pansi. Zimene zinandiwawa kwambiri ndi anthu amenewo. Ngati wina wathyolera kale easy-out, asayese biti wamba. Awotcherere nati pamwamba pa zonse ziwiri, kapena aperese ndi carbide burr. Zikakanika, hedi ipite kwa amene ali ndi makina odya chitsulo ndi magetsi aja amati spark erosion, amene sapezeka pa galaja iliyonse.

Sitadi ikatuluka, yang'anani mazinga ndi tochi. Ngati ali athunthu, yamikani. Ngati aphwanyika kapena bowo lakula, musaganize zothira zomatira. Pratley Steel ndi yabwino pa ntchito zake, koma pa moto wa ekizosi imapsa n'kuyoyoka. Musawotchererenso sitadi yatsopano ku hedi. Njira yoyenera ndi Helicoil, kawaya kozungulira kamene kamabwezeretsa mazinga a saizi yakale. Imabwera ndi biti yake ndi tap yake, ndipo tap wamba silowa m'malo mwake. Bowo likawonongeka kwambiri, a engineering amaika kabushi ka mazinga kunja ndi m'kati, kapena kusema sitadi ya masaizi awiri, yonenepa kolowa mu hedi, ya saizi yakale kotulukira kunja. Zonsezi zimafuna kuti pakhale nyama yokwanira kuzungulira bowo, apo ayi mukumana ndi madzi.

Chenjerani ndi nkhani ya mainchi ndi mamilimita, chifukwa yapha mahedi ambiri kwathu kuno. Makina akale a Caterpillar, ndi mainjini akale a Perkins a m'mathirakitala a Massey Ferguson, mabawuti ake ambiri ndi a mainchi. M'mashopu mwadzaza a mamilimita. Bawuti ya 3/8 ndi 9.5 mm, ya M10 ndi 10 mm, ndipo kutalikirana kwa mazinga ake n'kofanana pang'ono: 1.59 mm pa 3/8 ya mazinga 16, ndi 1.5 mm pa M10. M10 imayamba kulowa ngati ndi kwawo, kenako n'kulimba. Mnyamata amaganiza kuti ndi dzimbiri, amawonjezera mphamvu, mazinga a mu hedi n'kutha. Pokagula tengani sitadi yakale yathunthu, muigundanitse ndi yatsopanoyo mazinga kulowana, muyang'ane padzuwa. Pakaoneka kuwala pakati, si imeneyo.

Gulani masitadi enieni a manifold pa nambala ya injini yanu, ndipo musinthe onse, osati awiri okha. Otsalawo apsa moto womwewo zaka zomwezo. Pochotsa akalewo chitani nawo mwaulemu womwewu, kugogoda, mafuta, moto, kuti musawonjezere zitsa. Chitsulo chachitali cha mazinga okhaokha chija amagulitsa m'mahadiweya n'chomangira madenga ndi mashelefu, nthawi zambiri ndi cha giredi 4.8 kapena kutsika, ndipo pa manifold chimatamuka sabata isanathe. Pa mabawuti a makina olemera muziyang'ana pamutu: 8.8 kapena 10.9 pa a mamilimita, timizere titatu kapena 6 pa a mainchi. Bawuti yopanda chizindikiro chilichonse isayandikire makina anu.

Musanabwezeretse manifold, igonekeni, muike rula yachitsulo yowongoka pa nkhope zake zonse. Manifold imene yapsa zaka zambiri imapindika, ndipo ina imafupika, moti mabowo a kumapeto salunjikanso. Mukaona mpata pansi pa rula, ipite kukapalidwa. Mukaikoka ndi manati kuti igone mokakamiza, mwayambitsa kale kamng'alu kena. Sitadi iliyonse izikhala ndi mpata m'bowo la manifold kuti manifoldyo izipeza poyendera ikatentha. Ngati panali timapaipi totalikitsa pansi pa manati, musatitaye poganiza kuti n'topanda ntchito. Timalola sitadi kukhala yaitali, ndipo sitadi yaitali imapirira kupindidwa kuposa yaifupi. Yang'ananinso zogwirizira paipi ya ekizosi ndi sailensa. Chimodzi chikathyoka, kulemera konse kumalendewera pa manifold, gireda ikudumpha pa msewu wa mabampu.

Mabowo muwapemerere ndi mphepo, aume. Oyilo akatsalira m'bowo logonthera, inu n'kumangiramo sitadi, oyiloyo alibe kothawira, ndipo akhoza kung'alula kasiti. Sitadi ilowe ndi manati awiri omangirizana, osati ndi pulayasi. Ku mazinga a nati pakani mafuta a kopa aja oletsa kuumira, kuti wodzamasula mawa asadzalire ngati inu. Mangani kuyambira pakati kupita kumapeto, maulendo awiri kapena atatu, ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira) pa muyezo wa m'buku la injiniyo. Mazinga opakidwa mafuta amakoka kwambiri pa muyezo womwewo kuposa ouma, ndiye muone chimene buku lanena pa zimenezi, osawonjezerapo kuti zilimbe.

Poti muli pa kontilakiti ya msewu, ndikudziwa kuti pali matipa, ndiye ndinenepo za masitadi a matayala, chifukwa kumeneko nkhani yake ndi ya moyo. Amenewo sitiwotcherera, sitilumikiza. Ambiri amakhomedwa kuchokera kuseri kwa habu, ndiye wothyokayo timamugogoda atuluke, n'kuika watsopano, pamodzi ndi oyandikana naye. Malole ambiri akale a ku Japan, a Fuso, Isuzu ndi Hino, kumanzere ali ndi mazinga obwerera, ndipo pamutu pa sitadi pamalembedwa L. Mnyamata wosadziwa amaima pa paipi ya mamita awiri akuganiza kuti akumasula pamene akumanga, mpaka sitadi kuduka. Mukasintha tayala, manati muwabwerezenso lole ikayenda makilomita 50 mpaka 100. Ndipo chonde, moto wa gasi kapena wa welding usayandikire rimu tayala lili pomwepo, ngakhale mutaliphwetsa. Kutentha kumayambitsa kupsa m'kati mwa labala, mpweya umakwera mwadzidzidzi, ndipo tayala la makina olemera likaphulika limapha amene ali pafupi.

Tibwerere ku gireda yanu. Pali nthawi imene muyenera kuuza abwana mosabisa kuti hedi itsike: ngati sitadi ili pamalo poti dirilo singaime mowongoka, ngati bowo loyamba lapatuka, kapena ngati mwaona chinyezi m'bowo. Pa tebulo la makina oboolera, hedi itamangidwa, ntchito imene ikukusowetsani tulo pa msewu imakhala yopepuka. Abwana adzadandaula za masiku awiri ndi gasiketi, koma afotokozereni za njira ya madzi ija, muwaonetse ndi chala pamene ili. Ngati mwaboola sitadiyo hedi ili pa injini pomwepo, dzazani madzi mu rediyeta musanamange manifold, muunike m'bowo ndi tochi kwa kanthawi, muone ngati m'bowomo mukutuluka chinyezi. Mukauma, mangani. Dzutsani injini m'mawa ikadali yozizira, mumvetsere ngati thi-thi-thi uja watha. Igwire ntchito tsiku lonse, igone, ndipo mawa lake musanaidzutse mubwereze manati onse ndi torque wrench, n'kuyang'ana m'mphepete mwa gasiketi iliyonse ngati mwatuluka kamzere ka mwaye.